Ndalama za Maliro Ndinagulira Masheya

Anandilanda foni, khadi la ku banki ndi buku la bungwe, tsiku limodzi, anthu onse akuona. Sindikunena kuti analakwa.

Bungwelo ndi la Amalawi a ku Berea, kuno ku Durban: atelala, ogwira ntchito m'nyumba za anthu, amayi opikula katundu. Mwezi uliwonse aliyense amaponya kangachepe kuti wina akatisiya, thupi lake lipite kumudzi. Usungichuma anapatsa ine chifukwa ndinali ndi akaunti yeniyeni, yomwe ndinatsegula ndili ku koleji. Kolejiyo ndinaithawa chaka chachiwiri, fizi itandikanika, koma kwa iwo ndinali "wophunzira wathu" basi.

Ndinkagwira gadeni ku Westville, kwa bwana woyendetsa ndalama za penshoni. Tsiku lina ndinamufunsa chifukwa chake sagula masheya a makampani ang'onoang'ono. Anaseka. Anati ndalama zomwe amasunga n'zochuluka, m'kampani yaing'ono sizingakwanemo, choncho amasiyira anthu wamba. Ndinamva zimene ndinkafuna kumva. Ananenanso zina zokhudza kugulitsa, koma ndinali nditaliza kale makina otchetchera kapinga.

Kampani yanga sindinaipeze m'mapepala. Imapanga mabulangete, ndipo Loweruka lililonse ndinkaona amayi opita ku Lilongwe akulimbirana mabelo ake pokwerera basi. Bwana uja sanaimepo pamenepo. Ndinati izi ndikudziwa ndine, a mataye aja sakudziwa. Ndinayamba ndi ndalama zanga. Mtengo utakwera ndinathiramo za bungwe, zonse, osauza munthu. Ndinkalota tsiku lodzaimirira pamsonkhano n'kuwauza kuti tsopano tikhoza kunyamula maliro awiri nthawi imodzi.

Kenako bambo wina wa gulu lathu, womanga nyumba, anagwa pantchito n'kumwalira. Akazi awo amasoka pa Musgrave, ndipo ndi omwe ankandisungira chakudya Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi.

Apampando anandiimbira. "Achimwene, a galimoto ya maliro akufuna ndalama Lachisanu. Mutapa eti?"

"Sharp, bambo."

Ndinadina pa foni kuti ndigulitse masheya aja. Palibe chinachitika. Mtengo unali pomwepo, wokongola, koma wogula panalibe. Tsiku lonse anagula munthu mmodzi, masheya osakwana n'kugulira nkhata yamaluwa. Ndinatsitsa mtengo. Zii. Lachinayi ndinafunsa bwana uja, ndipo sanakweze n'komwe mutu pa kompyuta yake.

"Ndinakuuzatu. Kampani yaing'ono ulowa lero, koma kutuluka umadikira wogula, mwina mwezi. N'chifukwa chake ife timaiopa. Ndi ndalama zako?"

Ndinati ndi zanga.

Lachisanu tinakumana m'fulati ya namfedwa, anthu atadzaza mpaka m'khitchini. Ndinaulula, kenako ndinachita chinthu chopusa kuposa zonse: ndinaonetsa namfedwayo foni.

"Amayi, ndalama zilipo, onani. Zachuluka kumene."

Anayang'ana foniyo nthawi yaitali. "Mwanangu, nambala imeneyi inyamula bokosi?"

"Mukanangondipatsa sabata ziwiri..."

"Kauze a ku mochale. Akulipiritsa tsiku lililonse."

Wina kumbuyo anati, "Eish, sukulu yomweyi? Bola ife osaphunzira, tikanasunga m'pilo." Palibe anaseka. Apampando anangotambasula dzanja, ine n'kupereka zonse.

Anthu anasonkha zomwe akanatha, koma sizinakwane ulendo wa kwawo ku Ntcheu. Bambo aja tinawaika kuno ku Durban, pakati pa manda a anthu osawadziwa. Mayi awo okalamba anaonera mwambowo pa foni ya mdzukulu, netiweki ikudukaduka. Ine ndinaima kutali, pafupi ndi mpanda.

Chimene chimandiwawa n'chakuti pa kampaniyo sindinalakwitse. Mwana wamkazi wa apampando anagulitsa masheyawo pang'onopang'ono kwa miyezi iwiri, ndipo bungwe linapeza phindu loti bwana wanga akanalisirira. Nthawi zina ndimafuna kukuwa kuti ndinawaposa akatswiri aja. Koma ndikuwire ndani? Amayi aja ndikawaona pa Musgrave ndimawolokera tsidya lina la msewu.

Mwezi watha apampando ananditumira uthenga. Akuti awerengera bwinobwino, ndipo gawo langa, la ndalama zanga zomwe ndinayamba nazo, lili padera. Ndikalitenge ndekha pamsonkhano, pamaso pa onse, namfedwa ali pomwepo. Lendi ikundivuta, nsapato zinatha. Misonkhano iwiri yadutsa, sindinapite.

Ndi marandi zikwi zinayi ndi mazana awiri.