Phazi Lamanja la a Chidendene

Amati tsiku limene kandege kanazungulira ngati galu wofuna kudziluma mchira, a Chidendene anali atalawa. Ena amatchula ndi mtundu wa botolo, ngati anawathira okha. Bodza. Ine ndinkathira mafuta pabwalo la ndege lomwelo, ndipo mkuluyu ndi tiyi yemwe ankamwa wopanda shuga.

Ntchito yawo inali kupopera mankhwala m'minda ya kampani. Kandege kawo kanali ka mateyala awiri kutsogolo ndi kamodzi kakang'ono kumchira. Mtundu umenewu ndi wamwano ponyamuka: mchira ukangodzuka, mphuno imathawira kumanzere, ndiye woyendetsa amaibweza poponda pedulo lakumanja. Ukachedwa pang'ono, mchira umafuna kutsogola. N'chifukwa chake iwo ankavula nsapato asanakwere, n'kuzisiya pafupi ndi mgolo wanga wamafuta.

"Achimwene, mukulowa m'ndege kapena m'bafa?" ndinkawaseka.

"Iwe, ndege imeneyi imayankhula kuphazi. Ukavala nsapato sumva."

Ndi pamene panachokera dzina la Chidendene.

Matenda a shuga anawalowa mwakachetechete. Phazi lamanja linayamba dzanzi. Sanauze abwana, sanauze dokotala wa kampani. Mayi akunyumba anazindikira ataona bamboyo akuyenda m'khitchini msomali uli kuphazi, akuimba mluzu. Anawachonderera kuti asiye ntchito. Iwo anati, "Ndimalize chaka chino."

M'mawa umenewo kamphepo kankawomba cham'mbali. Anathamangitsa kandege, mchira unadzuka, mphuno inakhota. Ubongo unatuma phazi, phazi silinamve. Kandege kanasiya msewu wonyamukira n'kuzungulira, teyala linathyoka, phiko linalima pansi. Anatuluka amoyo, akudzandira pa miyala opanda nsapato. Oonerera patali anamaliza okha nkhani yonse.

Dokotala atawabaya kasingano kuphazi, iwo anali kuyang'ana kudenga, kudikira kuti ayambe. Kuuluka kunathera pomwepo.

Masiku ano amakhala pakhonde, atavala nsapato zokhuthala zimene mayi amawamanga okha. Ndege ikamadutsa sayang'ana kumwamba, koma phazi lamanzere limagwedezeka.

Tsiku lina ndinati ndiwaseketse. "Achimwene, anthu akuti munali mutaledzera. Bwanji osawayankha?"

Anayang'ana nsapato yakumanja nthawi yaitali.

"Ukanakhala mowa, bwenzi utatha m'mawa mwake."