Chitenje cha Mfundo Ziwiri

Chinali chitenje chobiriwira, chong'ambidwa m'litali, chokhala ndi mfundo ziwiri. Mfundo imodzi inkakhala pamkono wa mlongo wanga, inayo m'chiuno mwanga. Ine ndinali mtsikana wa zaka khumi, iye mnyamata wa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo chibadwire anali asanatchulepo mawu ngakhale amodzi. Sankamenya munthu, sankaswa mbale. Vuto lake linali kuthamanga. Mphepo ikangowomba ankatambasula manja n'kuliyatsa liwiro kulowera komwe ikupita, osaona njinga, osaona dzenje. Ndiye ku Chitipa mwezi wa Julaye mphepo siipuma. Amayi akamapita kumsika kukagulitsa nyemba ankamanga okha mfundo zija, n'kuzikoka kawiri. "Ukamasula, usabwere pakhomo pano," ankatero.

Chinali chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri, ndipo kunamveka kuti sukulu ikhala yaulere. Amayi anati nanenso ndikayambe. Koma munthu sungalowe m'kalasi utamangirira mnzako. Abambo anali atamwalira, ndipo abale awo ku Nthalire anatumiza uthenga wakuti mwanayo ndi wawo, apite kumudzi mvula isanagwe. Tonse tinkadziwa kuti kumeneko kuli kachipinda kotsekera kunja. Amayi anavomera. Ine ndisaname, ndinasangalala. Ndinali nditatopa kupita naye ngakhale kuchimbudzi.

Za bwato anayambitsa ndi aphunzitsi ena ochokera ku Karonga, munthu wokulira m'mabwato. Cha ku Lufita kunali damu lomwetsa ng'ombe. Iwo ananyengerera amalume anga, omwe anali kalipentala, kuti akhome bwato ndi matabwa otsala. Azimayi a kutchalitchi anasoka thanga, chinsalu chokola mphepo, polumikiza matumba a feteleza. Onsewa ankangodzipereka. Loweruka lililonse ankasonkhanitsa ana asanu, aja makolo ankawabisa kuseri kwa nyumba pakabwera alendo. Anthu ankaseka. "Aphunzitsi aisowa nyanja," ankatero, "ndiye akufuna kumiza ana a eni m'madzi a ng'ombe."

Amayi anatilola chifukwa amalume analiko, komanso chifukwa ndinalumbira kuti sindidzamasula. Koma aphunzitsi anali ndi lamulo limodzi: m'bwato salowa munthu womangidwa. Mwana aliyense ankavala zigubu ziwiri zopanda kanthu pachifuwa, amalume n'kumayenda m'madzi ofika m'khwapa. Lero ndine kholo, ndipo ndikakumbukira zigubu zimenezo ndimachita mantha. Nthawi imeneyo zinkangondiseketsa.

Tsiku loyamba ndinakana kumumasula. Aphunzitsi sanandikalipire. Ananjuta pafupi nane n'kunena m'Chitumbuka kuti ndingomusiya: "Muleke waka, mwana wane." Kenako anawonjezera m'Chichewa, "Pamadzi athawira kuti?" Ndinamasula ndi mano, poti mfundo ya amayi sinkamasuka ndi zala. Pamkono pake panali mzere wotuwa, wosalala, pomwe dzuwa silinkafika.

Anamukhazika pakati pa bwato n'kumupatsa chingwe cha thanga. Sabata yoyamba anangochiluma. Yachiwiri anachitaya m'madzi. Yachitatu mphepo inadzaza matumba aja, chingwe chinamukoka, iye n'kuchikokanso, bwato n'kuyamba kuyenda. Anatulutsa kaphokoso komwe ndinali ndisanakamvepo, kochokera pansi pa mmero ngati njiwa. Pofika mu Ogasiti aphunzitsi ankangogwira nkhafi kumbuyo, maso ali pakhosi pa mwanayo, chifukwa iye ankatembenuza mutu mphepo isanasinthe. "Uyu amaimva isanafike," ankauza amalume.

Ine ndinkatsala kumtunda, chitenje chili lende m'chiuno, fumbi m'mano, fungo la ndowe ndi matope lili ponseponse. Sindinkadziwa chochita ndi manja anga. Ndinkachita nsanje, ndinene zoona. Zaka zonsezo womuyamikira anali ine, mtsikana wopirira, ndipo tsopano anthu ankayang'ana iye. Pobwerera ndinkamumanganso, koma mfundo yanga sinkafanana ndi ya amayi, choncho ndinkathamangira kumusambitsa iwo asanafike kuti chitenje achipeze pachingwe choyanikira zovala.

Loweruka lina nyemba zinatha msanga. Ndinangomva dengu la amayi likugwa kumbuyo kwanga. Bwato linali pakati pa damu, likulowera kutsidya. Amayi anayang'ana m'chiuno mwanga, anaona mbali inayo ya chitenje ili pansi, yopanda mkono. Sanandimenye. Anathamangira m'madzi ndi nsapato zomwe mpaka anawafika m'mawondo. Amalume anakuwa, "Achemwali, taimani pomwepo! Taonani kaye!"

Anaima. Bwato linafika pafupi ndi mabango a kutsidya. Aphunzitsi anapalasa kamodzi kokha. Mlongo wanga anaweramitsa mutu kuti thanga lidutse, n'kukokera chingwe mbali inayo, ndipo bwato linatembenuka. Linabwera pang'onopang'ono, matumba akulira phapha-phapha, mpaka linakhudza matope pafupi ndi amayi. Iye sanawayang'ane n'komwe, maso anali pathanga. Azimayi anaimba nthungululu. Amayi anakhala pansi m'madzi momwemo n'kuyamba kulira.

Pobwerera anandimasula chitenje m'chiuno, anachipinda n'kuchiika m'dengu. Mnyamatayo anathawa kawiri panjira, amalume n'kumakamugwira. Titafika amayi anangoti, "Achimwene, mutumize mawu ku Nthalire. Mwana sabwera." Abale a abambo anakwiya, ndipo panapita zaka asanapondenso pakhomo pathu.

Musaganize kuti anachira. Mpaka lero salankhula. Damu linaphwa mu Okutobala, bwato linatsala pamatope ong'aluka, ndipo patapita zaka ziwiri aphunzitsi anasamutsidwa. Koma amalume anatenga thanga lija n'kulikhoma ngati mthunzi pamalo pomwe amayi ankagulitsira, n'kusiya chingwe chimodzi chikulendewera. Mlongo wanga ankakhala pamenepo atachigwira, kuchikoka ndi kuchilekerera malinga ndi mphepo. Masiku ena ankathawabe, msika wonse n'kumusaka. Masiku ambiri ankakhala. Ine ndinayamba sukulu ndili wamtali kuposa onse m'kalasi, ndipo kwa mwezi wathunthu ndinkayenda mopendekera, kudikira kuti wina andikoke.

Za kulira kuja, ndinadikira mkwapulo sabata yonse. Ndinkati amayi alira chifukwa ndinawanamiza, kapena chifukwa cha manyazi ponyowa pamaso pa anthu. Ndinafika powapepesa, iwo n'kundiyang'ana modabwa, nati, "Iwe, pita ukatunge madzi." Sindikanatha kudziwa kuti chiyambire kuyenda mwana wawoyo, nthawi iliyonse akaona msana wake ukupita patali ankasiya chilichonse n'kumuthamangira. Tsiku limenelo anaima, ndipo mwana anapita n'kubwera yekha.