Gitala Yowongoka Inakana Mwini Wake

Mumsewu wa kuseri kwa msika amamutcha Mayi Magitala. Anayamba ndi kukhoma mipando pambali pa bambo ake, anthu akumunena kuti mkazi wogwira sowo adzakalambira pakhomo. Onenawo lero ndi amene amaima pakhomo pa shopu yake, atanyamula magitala a ana awo, maso ali pansi. Banja limenelo silibala alesi.

Tsiku lina kunatulukira agogo ake aamuna, atakoleka paphewa gitala yawo ya besi, yakale kuposa mayi ake omubereka. Penti inali itasupuka pomwe pamakhuza mkono. Khosi lake linali litapindika ngati uta, nsambo zili m'mwamba moti chala chikanalowa pansi pake.

"Akazi anga, ndakubweretserani mkazi mnzanu, wadwala," anatero agogowo, poti ndi mdzukulu amaseleulana choncho.

"Mitala ndinakana ine, bambo. Mugonekeni apo."

M'kati mwa khosi la gitala mumakhala chitsulo chachitali cholimbana ndi kukoka kwa nsambo. Ukamanga nati yake pang'ono, khosi limawongoka. Iye atapotokola natiyo, inangozungulira pachabe. Chitsulo chinathyoka kalekale.

Apo mpamene agogo anaulula. Anyamata a m'bandi yawo ankadandaula kuti besi ikusochera, ndipo ananena kuti ikapanda kukhala bwino pokonzekera nyimbo Loweruka, mbali yawo aipereka kwa woimba kiyibodi.

"Bandi yoti ndinayambitsa ndine," anatero, akuyang'ana utuchi pansi.

Mayi Magitala anakankhira pambali ntchito za anthu ena. Anachotsa nsambo, nayala kansalu pa thabwa lokanikizapo zala, n'kumalitenthetsa ndi simbi kuti guluu afewe. Kenako analowetsa kampeni kopyapyala, pang'onopang'ono, osapuma n'komwe, chifukwa thabwa lakale likang'aluka silipepeseka. Linachoka lathunthu. Chitsulo anachipeza chadzimbiri, chili zidutswa ziwiri. Anapala m'ngalande momwe chinkakhala, naikamo chatsopano, namata thabwa lija n'kulikulunga ndi malegeni. Litauma, ankamanga nati pang'ono n'kusiya, m'mawa mwake pang'ono n'kusiya, mpaka khosi linawongoka kuti nyoo. Nsambo anazitsitsa moti ngakhale khanda likanaimba. Anaiyang'ana n'kudzigwedezera yekha mutu.

Agogo atabwera anapukuta manja m'thalauza, nayamba nyimbo yawo yakale. Gitala inangoti tcherr, tcherr, nsambo zikumenya tizitsulo ta pakhosi. Anayambiranso. Chimodzimodzi. Anasiya, natembenuza zikhatho zawo n'kumaziyang'ana.

"Ndiye kuti anyamata aja sankanama," anatero motsitsa mawu. "Si gitala ayi. Ndatha ndine."

"Tabwerezani, agogo."

Ulendo uno Mayi Magitala sanamvere nyimbo, anayang'ana zala za agogo. Zinkakoka nsambo ngati zikuzula chisoso, poti zinakalamba zikulimbana ndi gitala yopindika. Yofewayi zinkaipweteka. Mumtima munamuwawa, chifukwa khosi lowongoka chotero anali asanalikonzepo. Komabe anatenga kasipanala, namasula nati ija pang'ono, nakwezanso nsambo.

"Iii, mukuphwasuliranji ntchito yanu?"

"Khalani chete, bambo. Mkazi wanuyu ndimamudziwa kuposa inu. Chitsulo chilimo, mawu sasocheranso. Ndikungomubwezera nkhanza zake."

Anawapatsa. Agogo anati wachepetsa. Anamasulanso, nawapatsa. Agogo anagunda nsambo yaikulu, ndipo misomali ya m'chitini inanjenjemera. Mawu anatuluka onenepa, oyera, osasochera mpaka kumunsi kwa khosi. Telala wa shopu yoyandikana anasuzumira, tepi ili m'khosi, akugwedeza mapewa.

"Mfiti iwe!" anatero agogo, akupukuta m'maso ndi phewa.

Loweruka lija anyamata sanaitchule n'komwe kiyibodi. Woimba ng'oma anangopempha kuti agogo achepetseko liwiro, iye akutsalira.

Wokonza magitala wina wa kutsidya kwa msewu ataiona gitalayo, anaseka kuti ndani wasiya khosi chipindikire chonchi. Mayi Magitala anangopitiriza ntchito yake. Koma mawuwo anafika kwa agogo ake aakazi, ndipo iwo anavala nsapato zawo n'kupita kukamufotokozera bambo wosekayo. Kuyambira pamenepo, bamboyo akawaona akubwera amalowa m'shopu n'kutseka chitseko.