Mlatho wa Feggie ndi Kaliyala ya a Amosi

Kwathu kuno ku Chulu sitima ya pamtunda timangoimva m'nkhani. Njanji sinafike, ndipo amene anaiona ndi maso ndi owerengeka. Mmodzi wa iwo anali a Aloysius Mphepo, amene anatha zaka khumi ndi zisanu akupenta milatho ya njanji cha ku Salima uko. Pobwerera kumudzi sanabwere ndi malata kapena ng'ombe. Anabwera ndi chifuwa cha penti, ndiponso bokosi limene bwana wawo anawasiyira ana ake atakula. M'bokosimo munali tizitsulo tofiira tobowolabowola, tina tatitali ngati supuni, tina ngati chala, timabawuti ndi timanati todzaza chitini, kasipanala, ndi kabuku ka zithunzi kosonyeza zimene munthu angamange nato.

Feggie ndi mdzukulu wa a Aloysius. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu, ndipo anakulira m'manja mwa agogo ake aakazi, a Ezelina. Anzake akapita kumasanje, iye ankakhala pakhonde n'kumamangira agogo ake aamuna timanati, poti manja a mkuluyo anali atayamba kunjenjemera. Zonse za m'kabukumo anamanga, kupatula mlatho wa njanji wa patsamba lomaliza, chifukwa chiswe chinadya pakati penipeni pa chithunzicho.

"Ndidzaukumbukira m'mutu," ankatero a Aloysius. Anapita kumanda asanaukumbukire. Bokosi anasiyira Feggie.

Sukulu Feggie analekezera Fomu 2, osati chifukwa cha mutu ayi, mutu analinawo woposa ana onse a m'mbumbamo. Anakwatiwa, mwamunayo anapita ku Joni n'kungoti zii. Feggie anatsala ndi ana awiri, ekala ya fodya ndi kamunda ka chimanga kotopa, kamene popanda feteleza kamabereka zisononkho zokha.

Chaka chachitatu cha makuponi a feteleza dzina lake linatuluka. Koma feteleza anafika mochedwa, mu Disembala, mvula itagwa kale. Malo ogulira ali tsidya lina la khwawa la Kamphete, ndipo khwawalo likadzaza palibe ngolo imene imawoloka. Amayi ankasenza matumba pamutu, madzi ali m'chiuno. Feggie anaponda mwala woterera, thumba la yuriya n'kugwera m'madzi. Yuriya ndi madzi zili ngati mchere ndi madzi. Pamene ankalivuula, thumbalo linali litapepuka ngati muli nkhuku. Chaka chimenecho chimanga chake chinachita chikasu kuyambira kunsi mpaka kunsonga, ndipo ana ake anadya gaga mu Febuluwale.

Feggie sanalire pagulu. Fodya atauma m'chigafa anatsitsa bokosi lija, nalipukuta fumbi. Maganizo ake anali akuti komiti ya m'mudzi ikaona ndi maso mlatho waung'ono ukunyamula katundu, idzavomera kumanga waukulu wamitengo, ndipo thumba lake silidzalowanso m'madzi. Masana aliwonse akachoka kosankha fodya ankakhala pamphasa ndi kasipanala. Mbali ziwiri za mlathowo zinkamangika bwino, koma akaugoneka pakati pa mipando iwiri n'kuudina ndi chala, unkapindika ngati phesi. Anamasula, anamanganso, sabata zitatu. Tsiku lina ali chigonere chagada m'chigafa, atatopa, anayang'ana mitengo yopingasa imene imachirikiza nsanamira kuti mphepo isagwetse chigafa. Anadzuka osavala n'patapata yemwe. Anaika tizitsulo khumi ndi tiwiri topingasa, tisanu ndi kamodzi mbali iyi, tisanu ndi kamodzi mbali inayo. Anasanjikapo njerwa imodzi, yachiwiri, mpaka zisanu ndi imodzi. Mlatho uli nji. A Ezelina anatuluka n'kukaitana mudzi wonse, ngakhale amene sankalankhula nawo.

Nkhani inawapeza a Amosi. Amenewa ndi amalume ake a Feggie, koma zidziwike kuti si a m'mimba mwa a Ezelina ayi, ndi mwana wa mng'ono wawo. Ndiwo anali mwinimbumba, ndiwonso ankagwira cholembera mu komiti yolemba maina a makuponi. Anafika panjinga yawo ija ya kaliyala yothyoka, yomangidwa ndi mphira, imene mudzi wonse unkaidziwa ndi kulira kwake.

"Feggie, ndamva kuti wapanga zodabwitsa."

"Ndi zoseweretsa chabe, amalume," anayankha atagwada.

"Zoseweretsazo zikagone kwathu. Lachisanu kukubwera mlendo wa bungwe lachitukuko, ndikufuna ndiziphunzire bwino."

"Ndikhoza kudzabwera nazo ndekha tsikulo."

"Iwe ukaime pamaso pa alendo ine ndili moyo? Kodi dzina lako m'kaundula muja analemba ndani?"

Mwana wa mbumba sakaniza malume, makamaka malume wogwira cholembera. Feggie anakulunga mlathowo m'chitenje chake chatsopano.

"Chonde musamasule kanthu, amalume."

"Ine ndinayamba kumanga nkhokwe iwe usanabadwe," anatero a Amosi, nanyamuka.

Lachisanu m'mawa anthu anasonkhana pabwalo la mpira. Mlendo anakhala pampando wa ndalema, kope lili pamwendo. A Amosi anavundukula chitenje, nakonza kukhosi.

"Bwana, maganizo awa anandibwerera ineyo nditagona, poganizira mavuto a anthu anga."

Dzina la Feggie silinatuluke, la a Aloysius ndiye n'komwe. Feggie anali kumbali ya amayi, ndipo ngakhale anali patali anaona kuti mlatho wake wasanduka m'kamwa mwa munthu wamagweru. Topingasa tonse panalibe. A Amosi anaugoneka pamipando iwiri, naika njerwa yoyamba. Unanjenjemera. Yachiwiri, unawerama. Yachitatu, unangoti khwinya, njerwa n'kugwera pansapato za mlendo. Anyamata anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Pepani bwana," anatero a Amosi osachita n'manyazi omwe. "Pomanga ndinapatsa mwana wamkazi. Ntchito ya akazi mukuidziwa."

Feggie anayang'ana kumbali kuti asaone nkhope ya amalume akewo, ndipo maso ake anagwera panjinga zimene zinatsamira mtengo wa mango. Kaliyala ya a Amosi inalibenso mphira. Inaima chilili ngati yatsopano, yochirikizidwa ndi tizitsulo tofiira, tinayi uku, tinayi uku. Munthu wamkulu ndithu, wandevu zaimvi, anaona chuma cha malemu n'kuganiza za matumba ake awiri a mu Disembala.

Feggie anamasula mfundo ya chitenje chake, natulutsa kasipanala. Mayi wina woyandikana naye anamugwira mkono.

"Feggie, kuponi. Ganiza za ana."

"Ndaganiza kale."

Anadutsa pakati pa bwalo atawerama mwaulemu, monga analeredwera, nakagwada panjingayo. Anayamba kumasula tizitsulo tija ndi kasipanala. Atamasula kachisanu ndi chitatu, kaliyala inagwera pagudumu, pho.

"Iwe, njinga imeneyo ndi ya yani?" anafunsa a Amosi.

"Njinga ndi yanu, amalume. Izi ndi za agogo."

"Tina tinayi tili kuti, Amosi?" Amenewo anali a Ezelina, ali chikhalire. A Amosi anayamba kufunafuna kanthu m'matumba a jekete.

Feggie anawongola mlathowo pabondo, namangirira tisanu ndi titatu tija pakati pamene pamalemera. Anasanjika njerwa, amayi akuwerenga mokweza, mpaka zisanu. Sunagwedere. Mlendo anati n'zosangalatsa kwambiri, natulutsa foni n'kujambula. Pachithunzipo anaimapo a Amosi, dzanja lili panjerwa. Atatero mlendoyo anakadya nkhuku kwa a Amosi komweko, nakwera galimoto, ndipo fumbi lake ndilo chitukuko chimene tinachiona.

Tinayi totsala tija anakatipeza a Ezelina m'mawa mwake. Tinali pachitseko cha chimbudzi cha a Amosi, tikugwira ntchito ya mahinjesi. Tizitsulo timene a Aloysius ankatipukuta ndi mafuta a makina osokera, osalola mwana kutigwira ndi manja a ndiwo. A Ezelina anatizula ndi mpeni, chitseko n'kuchisiya chili gone m'maudzu, natitsuka ndi phulusa katatu, ndi sopo kawiri. Tsiku limenelo sanadye.

Mu Okutobala maina anawerengedwa pabwalo lomwe lija. La Feggie panalibe. La a Ezelina, mayi wamasiye wolera ana amasiye, panalibenso.

"Ndi kompyuta ya kuboma, imadumpha maina," anatero a Amosi. Kompyutayo sinadumphe dzina lawo, la akazi awo, ngakhale la mlamu wawo amene amakhala ku Lilongwe.

Feggie sanapite kukapepesa, ngakhale ambiri anamuuza kuti nkhuku imodzi ikhoza kukonza zonse. Anakumba maenje atatu a manyowa kuseri kwa khola. Kenaka anadula mitengo ya bulugama imene a Aloysius anabzala m'malire a munda, ndipo iye ndi amayi asanu ndi mmodzi, onse oti anamwetsapo feteleza m'khwawa muja, anaikokera pamene Kamphete amapanikizika pakati pa miyala. Mabawuti anachotsa pangolo yakufa. Kamlatho kofiira anakaika pamwala, ndipo asanakhome mtengo uliwonse ankayamba wakayang'ana. Amuna ankadutsa n'kumafunsa ngati sitima ifika Lachingati. Mlathowo unatha mvula yoyamba isanagwe. Ngolo singawolokepo, koma munthu wosenza thumba, kapena wokankha njinga, amawoloka mapazi ali ouma.

Feteleza atafika, Feggie anali kumunda kwake pafupi ndi khwawa, akuthira manyowa ndi manja. Iye amene anamanga mlatho analibe thumba loti awolotse. Woyamba kufika anali a Amosi, matumba awiri ali pakaliyala yowotcherera kumene. Anaima, naponda thabwa loyamba ndi phazi limodzi, nagwedeza chogwirira, nawoloka bwinobwino. Ali tsidya lino anamuona Feggie.

"Ukanaukulitsako pang'ono," anatero. "Njinga ikuvuta kukhota."

Feggie anapitiriza kuthira manyowa. Chimanga chake chaka chimenecho sichinafike pa cha feteleza, koma ana sanadye gaga. Dzina lake silinabwererenso m'kaundula mpaka a Amosi anasiya cholembera.

Kamlatho kofiira kali pamwamba pa kabati kwa a Ezelina, topingasa tonse khumi ndi tiwiri tili m'malo mwake. Tinayi tija amatidziwa, anatimanga kaulusi kakuda, ndipo mlendo akatigwira amamupatsa madzi osamba m'manja. A Amosi amawoloka pamlatho wa Feggie popita kutchalitchi ndi pobwera komwe, ndipo a Ezelina akawaona ali pakati pake amatembenukira kumbali n'kulavula.