Mzere wa Matope Pamsana pa Agogo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Matiyasi, ndimamva fungo la girisi ndi la guluu womatira machubu, losakanikirana ndi utsi wa zitsononkho zimene agogo aakazi ankasonkhezera moto kuseri kwa nyumba, kwathu ku Chikweo. Loweruka lililonse m'mawa ankagadamiza njinga pansi pa mtengo wa mango n'kumazunguza tayala pang'onopang'ono, atatchera khutu ngati adokotala omvetsera chifuwa. Ine ankanditchula kuti "akazi anga," monga achitira agogo ndi adzukulu, ndipo zinkandinyansa mpaka kulira.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, njinga yawo yakale itathyoka foloko, amalume a ku Joni anawatumizira yatsopano, ya magiya, zija anyamata amati mauntini. Matayala ake anali onenepa, a manomano. Mudzi wonse unabwera kudzaona. Agogo anaizungulira kawiri, manja ali kumbuyo.

"Kodi zovala zake zatsalira m'basi?" anafunsa. "Madigadi palibe, nyali palibe, kaliyala palibe. Njinga yamaliseche iyi! Ine mkulu wa mpingo ndikwere chimenechi?"

Komatu kuyambira tsiku lomwelo njingayo inkagona kuchipinda kwawo, ndipo woikhudza ankayamba wasamba m'manja.

Ine nkhani ya madigadi inandigwira mtima kuposa aliyense. Kunali kutatsala milungu iwiri kuti ndikalandire Ukaristia koyamba ku tchalitchi cha parishi, ulendo wa maola awiri panjinga, ndipo unali mwezi wa Januwale, mvula ikugwa ngati ilibe kwawo. Amayi anali atandisokera diresi loyera mbee. A Sisitere anali atanenetsa kuti wochedwa adzadikira chaka chamawa. Ndinkaopa zinthu ziwiri basi: kuchedwa, ndi kukaima pamaso pa anzanga diresi lili matope okhaokha.

Kaliyala anawotcheretsa kwa amisiri. Tsiku la msika tinapita kwa Che Amadu, amalonda a ku Liwonde amene ankayala zipangizo za njinga pa thumba.

"Ndipatseni dayinamo," anatero agogo. Ankafuna nyali ija imayaka ndi kukhula kwa tayala, ngati ya panjinga yawo yakale.

"Ambuje, pa tayala la mano ili, dayinamo iyayi," anatero Che Amadu.

"Mangani tione."

Anamanga. Agogo atazunguza pedulo, chinthucho chinalira khrrr! ngati chigayo, nyali n'kumangophethira. Amayi ogulitsa matemba pafupi anaseka mpaka kugwira nthiti. Che Amadu anatulutsa kanyali ka mabatire, kakang'ono ngati dzira. Agogo sankagula chinthu osachiyesa. Anavula jekete, n'kudzifunditsa kumutu pamodzi ndi kanyaliko kuti apange mdima, pakati pa msika, dzuwa likuswa mtengo. Tinangomva mawu akuchokera m'jeketemo.

"Kali ndi mwano kameneka, koma kakuwala."

Pa madigadi ndiye panavuta. Ine maso anga anali pa ofiira a pulasitiki, aafupi, okhala patali ndi tayala. Agogo ananyamula achitsulo, aatali, akuda.

"Madigadi enieni amakumbatira tayala," anatero. "Awo ofiirawo ndi zidole."

"Ambuje, tayala ili ndi lonenepa," anatero Che Amadu. "Dongo la kudambo likalowa pakatipa, silituluka."

"Ine ndinayamba kupalasa njinga inu mukukwawa, Che Amadu. Pa nyali mwandigonjetsa, koma apa iyayi."

Ndinayamba kufwenthera dala. Agogo anandiyang'ana cham'mbali, n'kuusa moyo. "Chabwino, akazi anga. Kutsogolo kwanu, kumbuyo kwanga." Njinga inabwerera kumudzi itavala kofiira kutsogolo, chakuda kumbuyo, ndipo ana anatiperekeza ndi nthungululu.

Tsiku la Ukaristia lija tinanyamuka m'bandakucha. Amayi ndi agogo aakazi anali atatsogola dzulo lake kukagona kwa achibale pafupi ndi parishi. Diresi ndinavaliratu, chifukwa amayi anali atalisita ndi simbi ya makala n'kuletsa kulipinda. Agogo anavala malaya awo oyera a bungwe la abambo ndi jekete pamwamba. Ndinakhala pa kaliyala, kanyali kaja kakuunikira mitengo ya chinangwa yonyowa ndi achule odumpha m'njira, agogo akuimba nyimbo ya Maria ndi mawu awo osasa. Ndinali wosangalala kwambiri.

Titalowa m'dambo lomaliza, nyimbo inayamba kuduka. Agogo anapalasa ataimirira, akubuula, kenaka njinga inangoti nji! Dongo linali litadzaza pakati pa tayala lakumbuyo ndi madigadi achitsulo aja, tayala osazunguliranso. Lakutsogolo linali bwinobwino. Anathyola kamtengo n'kutokosa. Tinayenda pang'ono, nji! Anatokosanso. Nji! Dzuwa linatuluka, ndipo kutali kutsidya kwa dambo belu loyamba linalira.

Ndinalira mokweza. "Ndidikira chaka chamawa ine! Ndi inu agogo, ndi chitsulo chanucho!"

Sanandikalipire. Anayang'ana chitsulocho, anayang'ana kofiira kaja, n'kutulutsa sipanala m'thumba. Anamasula madigadi awo aja, amene anawamenyera nkhondo pamsika, n'kuwakoleka pa nthambi ya mtengo.

"Che Amadu asamve," anatero.

Koma tsopano wokhala pa kaliyala ndiye akanalandira matope onse. Agogo anavula jekete, anaipinda pafelemu, n'kundinyamula m'khwapa kundikhazika kutsogolo kwawo, mapazi onse mbali imodzi.

"Nanga inu, agogo? Malaya anu?"

"Gwirani chiwongolero, akazi anga. Lero madigadi ndine."

Abale, anapalasa nkhalamba ija! Ndinkamva mpweya wawo wotentha pamutu panga, ndi matope akuti pha! pha! pha! kumbuyo, koma ine osandikhudza ngakhale kadontho. Tinafika anzanga atafola kale pamzere, a Sisitere akuwerenga mitu. Ndinalumpha n'kukalowa pamalo anga, diresi lili mbee.

Ndili pamzerepo ndinacheuka. Agogo anali atatembenuka kuti aimike njinga, ndipo pamsana pawo panali mzere wakuda wa matope, wowongoka bwino, kuchokera pa lamba mpaka m'nkhongo mwa imvi. Agogo aakazi anagwira pakamwa. "Inu a Matiyasi, valani jekete, mutichititsa manyazi!" Anakana. Analowa m'tchalitchi momwemo, n'kukakhala pa benchi lakutsogolo, mpingo wonse ukuwerenga msana wawo. Misa itatha anandigwira dzanja n'kumandionetsa kwa aliyense.

"Taonani akazi angawa. Pali kadontho? Fufuzani bwino!"

Tsiku limenelo dzina lija silinandinyanse, ndipo silinadzandinyansenso.

Agogo anatisiya ndili ku sekondale. Lero ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi ya ku Balaka, ndipo chaka chatha nanenso ndinagula mauntini yanga. Posankha nyali ndinadzifunditsa chitenje kumutu m'sitolo momwemo, wogulitsa n'kumaseka. Posankha madigadi ndinalowetsa zala ziwiri pakati pa pulasitiki ndi tayala, kuti dongo lizipeza potulukira. Achitsulo aja tinawatenga pobwerera tsiku lija, ndipo ali pakhoma m'nyumba mwanga, adzimbiri, osagwira ntchito iliyonse. Ndimawasowa agogo anga. Nyengo ya mvula, ndikaona munthu akupalasa patsogolo panga ali ndi mzere wa matope pamsana, anzanga amaseka, koma ine ndimapalasa mwamphamvu mpaka ndimupitirire, kuti ndione amene wamunyamula kutsogolo.