Mkaka Umene Ankati Ngwowawa

Kristina wa ku Kadewere anali woumba mbiya, ndipo mbiya zake zinkafika mpaka kumsika wa ku Mbulumbuzi. Koma pamudzi ankadziwika ndi china: ana ake atatu oyamba onse anamwalira ali makanda. Ankabadwa onenepa, kenako kutsegula m'mimba, liwombo kulowa, basi.

A Dainess, amayi ake aakulu amene anamulera, ankati mkaka wake ngwowawa. Mwana akangobadwa ankamufinyitsa pansi mkaka woyamba wachikasu uja, khandalo n'kumalimwetsa phala lamadzimadzi losungunula ndi madzi a pachitsime. Kristina sankatsutsa. Ngakhale ku Misa ankakhala kumbuyo, kuopa kuti khanda la mnzake lingamugwire pachifuwa.

Wachinayi, Mikaele, anabadwa njala ya 1949 itayamba kuluma. Mwamuna wake Silvesta anali atapita ku Halale kukafuna ntchito, ndipo m'nyumba munalibe ufa ngakhale wodzaza chikhatho. Kristina anangomupatsa bere lokha, akulira, podziwa kuti akumupha ndi thupi lake lomwe. Miyezi inapita, mwana osatsegula m'mimba.

Tsiku lina anaona zoyera zitamata lilime la mwanayo, nsonga za mawere ake nazo zitafiira, zikuwotcha.

"Suwo mkaka wako uja," anatero a Dainess. "Wayamba kuonekera."

Kristina anabereka mwana, ulendo wa kuchipatala cha mishoni. Kumeneko anapeza a Ignasio, othandizira adokotala, amene anapala pang'ono zoyerazo, kuziika pakagalasi, n'kumuuza kuti asuzumire m'makina okuzira zinthu. Kristina anaona timaulusi topiringizana, tina titaphuka timitu. Analumphira kumbuyo mpaka kugunda khoma.

"Ndani wamuika zimenezi mwana wanga?"

"Palibe, mayi. N'chuku, chonga chija chomera pachinangwa. Chimachoka pakamwa pa mwana kupita pabere, n'kubwereranso. Mankhwala ake alipo."

"Ndiye kuti mkaka wanga ngwowoladi."

"Ayi. M'mimba mwa mwana aliyense muli tizamoyo tosaoneka ndi maso, mwa inu ndi ine momwe. Tina n'tabwino, ndipo mkaka wa mayi ndiwo umatidyetsa kuti toipa tisapeze malo. Kodi uyu woyamba?"

Kristina anafotokoza za atatu aja. A Ignasio anafunsa zimene ankawadyetsa. Atamva za phala ndi madzi a pachitsime anangoyamba kupukuta kagalasi kaja mosafulumira.

Apo Kristina anazindikira zonse. Anakhala pansi pasimenti. Anakumbukira Yunis, mwana wake woyamba, akulavula phala ndi kufunafuna bere, iye yemwe akumugwira timanja kuti a Dainess amumwetse bwino.

Anabwerera kumudzi pakamwa pa Mikaele pali bii ndi mankhwala ofiirira, mawere ake chimodzimodzi. Amayi amene anakumana nawo padambo anapatuka njira.

Kunyumba anapeza a Dainess atakasuma kutali, mapazi atatupa, atapeza gaga wa m'kambale. Anali ataphika kale phala la mwana. Kristina analandira ndi manja awiri, n'kumwa lonse yekha ali chiimire.

"Iwe, wapenga? Chakudya cha mwana?"

"Adyera kwa ine, amayi."

Anakhala pakhonde n'kuyamwitsa, akuluma mlomo ndi ululu. A Dainess anatha masiku osamulankhula.

Mikaele anakula, n'kudzakhala wokonza njinga ku Limbe. Pambuyo pake panabadwa atsikana awiri, ndipo onse anakula ndi bere lokha mpaka atayamba kukhala pansi. Kristina sanawauzepo a Dainess zimene anazindikira kuchipatala kuja. Anawasamala mpaka imfa yawo, ndipo pamaliro analira kuposa ana awo obereka.