Makutu Samaliza Nyimbo

Mlamu wanga, mlongo wake wa malemu mkazi wanga, anthu amamutchula kuti Makutu. Ali mnyamata ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo vuto ankalidziwa pongomva kulira kwa wailesiyo asanaimasule n'komwe. Mawailesi atasiya kubwera, anachita lendi kachipinda kuseri kwa telala, n'kukhoma mathireyi a mazira m'makoma monse, n'kuyamba kujambula nyimbo. Telala akayamba kupalasa makina, Makutu amakweza dzanja, oimba onse n'kukhala chete mpaka msoko uthe.

Ndi munthu wabwino, samwa, sanamiza anthu. Matenda ake ndi amodzi: samaliza nyimbo. Wina aliyense wojambula akamaliza amaitulutsa nyimboyo kuti izilira paliponse, pafoni kaya m'galimoto. Makutu ayi. Amaisiya m'pulogalamu yake ya pakompyuta ili zidutswazidutswa, mawu paokha, ng'oma pazokha, akuti sinapse. Oimba ena amachita kumukhalira pakhomo kuti awapatse zawo.

Tsiku logula pulogalamuyo anandiitana kuti ndimuwerengere Chingerezi cha pakompyuta, poti ndinaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu. Pansi pa mtengo wogulira panali kabokosi. Ukakachonga, umawonjezera ndalama ina kuti uzilandira zokonzedwa zatsopano, zimene eni ake amati maapudeti.

"Alamu, tichonge?" anandifunsa.

"Ukagula njinga, wogulitsa amabweranso kudzakulipiritsa kuti mateyala azizungulira?" ndinatero. "Chinthu ngati sanamalize kupanga, asagulitse. Usachonge."

Sanachonge. Mpaka lero ndikunena kuti mfundo yanga inali yoona. Kugulitsa munthu chinthu, mawa n'kumuuza kuti chakalamba, ndi kuba kovala tayi.

Chaka chotsatira mkazi wanga anayamba kudwala. Anali woimba kwaya kuyambira utsikana wake, ndipo anapempha mlongo wakeyo kuti amujambule nyimbo zisanu ndi zinayi mawu asanathe. Ndinkamuperekeza Lachiwiri lililonse m'mawa. Ankaimba atakhala pampando wapulasitiki, Makutu n'kumaika limba la m'pulogalamu ija pansi pa mawuwo. Atamwalira ndinapempha nyimbozo.

"Zatsala pang'ono, alamu. Za achemwali sindingazitulutse zili zosapsa."

Anandiyankha choncho zaka zinayi. Ndinkalemba tsiku lililonse limene ndapita kukafunsa, ndipo masikuwo anakwana makumi awiri ndi asanu ndi awiri.

Kenako kompyuta yake inapsa. Mwamwayi chosungira zinthu cha m'kati chinapulumuka, nyimbo zonse zilimo. Anagula kompyuta ina, koma yatsopanoyo inakana pulogalamu yakale ija. Popanda pulogalamuyo nyimbo zinali ngati katundu wotsekeredwa m'nyumba yopanda kiyi. Eni pulogalamu anati amene anachonga kabokosi kaja alandira yatsopano ulere, koma ife tilipire pafupifupi mtengo wogulira poyamba. Ndinawalembera kalata ya masamba atatu, Chingerezi chopanda cholakwa ngakhale chimodzi. Anandiyankha ndi mizere iwiri yondithokoza chifukwa chowakonda. Ine kuwakonda iwo!

"Mukanandilola kuchonga, alamu," anatero Makutu akuyang'ana pansi.

"Ukanamaliza nyimbo, bwenzi tikukamba za kabokosi? Zaka zinayi! Mwana wobadwa tsiku limene unajambula uja pano akutukwana."

Telala, amene amamva zonse kudzera pakhoma, anaseka mpaka kutsokomola. "Aphunzitsi, m'siyeni. Nanenso nyimbo ya ukwati wanga sinapse, pomwe mkaziyo anathawa kalekale."

Makutu sanandipemphe kanthu. Anagulitsa gitala yake, imene anakhala nayo kuyambira nthawi ya mawailesi, n'kulipira. Lachisanu masana anandiitana. Ndinakhala pambali pake, iye n'kutsegula nyimbo yoyamba. Panatuluka uthenga wakuti limba lija mulibe m'pulogalamu yatsopanoyi, analichotsa n'kuikamo lina lamakono. Anatsegula yachiwiri, yachitatu, chimodzimodzi. Ntchito yake ya zaka zinayi inapita. Koma mawu analimo onse.

Mkazi wanga anamveka m'masipika akukonza kukhosi. "Tayamba kodi? Iwe Makutu, uziyankha," anatero, kenako n'kuyamba kuimba yekha popanda chomuperekeza.

Tinamvetsera mpaka kumapeto. Telala naye anaimitsa makina osauzidwa.

Makutu anapukuta m'maso ndi malaya, n'kugwira kiyibodi. "Ndipatseni miyezi iwiri, alamu. Limba latsopanoli ndikalizolowera, ndiziphika bwino kuposa kale."

"Chotsa dzanja pamenepo."

"Koma zilibe zida. Muli kutsokomola, muli phokoso la makina a telala. Anthu akamva adzati Makutu ntchito sadziwa."

"Anthu ake ati? Womvera ndine. Tulutsa mmene zililimo."

Ndinatulutsa fulashi yoti aikemo nyimbozo m'thumba la jekete n'kuiika patebulo. Ndinakokera mpando pachitseko n'kukhala pomwepo, ndodo yanga pamiyendo. Anadandaula pa nyimbo iliyonse, akuti apa pakanafunika kukweza, apa kudula. Ine osasuntha pachitseko. Nthawi itakwana folo koloko anali atatulutsa zonse zisanu ndi zinayi.

Popereka fulashiyo anaigwira kaye osaisiya.

"Yachisanu ndi chiwiri ija mundibwezere tsiku lina, alamu. Achemwali anatsika pang'ono pa vesi yomaliza."

Ndinaitsomphola, n'kuiika m'thumba lam'kati, n'kumanga batani.

"Anatsika chifukwa ankadwala," ndinatero. "Ikhala choncho."